MABUKU OYAMBIRA PHUNZIRO LA FILOSOFI

Chaka ndi chaka timalandira funso limodzimodzi kuchokera kwa ophunzira athu, makamaka iwo amene akulingalira zodzapitiriza maphunziro ku yunivesite akadzaphunzitsako zaka zingapo. Amati: "Aphunzitsi, tamva kuti kumeneko kuli phunziro la filosofi, ndipo ena amati ndi lozunguza mutu. Kodi tiyambe ndi buku liti?" Ena sadikira n'kufunsa komwe. Akalandira kandalama kawo amatsikira ku Old Town, kumene anyamata amayala mabuku akale m'mbali mwa msewu, nagula buku lalikulu koposa onse, poganiza kuti kukula kwa buku ndiko kuchuluka kwa nzeru. Pakapita masabata aŵiri bukulo limakhala likutsamiritsa chitseko kuti chisamenyeke ndi mphepo, ndipo mwini wake amakhala atatsimikiza mumtima kuti filosofi si ya anthu onga iye. Ndalama yotayikayo adzaipezanso, koma amene wataya mtima kaŵirikaŵiri sabwereranso ku phunziroli. N'chifukwa chake taganiza zoti tiike pamodzi malangizo amene takhala tikupereka pakamwa, kuti amene akufuna kuyamba ayambire pamalo poyenera.

CHIFUKWA CHAKE MPHUNZITSI AFUNIKA PHUNZIROLI

Tsiku lina tinapita kukaonerera wophunzira wathu wina akuphunzitsa Sitandade 6 pa sukulu ina ya ku Area 47. Phunziro linali la usana ndi usiku. Lili m'kati, mtsikana wina anakweza dzanja nafunsa kuti, "Aphunzitsi, mukudziŵa bwanji kuti dziko ndilo limazungulira, pamene ife timaona dzuŵa likuyenda?" Mphunzitsiyo anayankha kuti, "Zalembedwa m'buku. Khala pansi." Sitinamdzudzule kwambiri, pakuti ambiri a ife tinaphunzitsidwa motero. Komabe mwanayo anali atafunsa funso limene anthu anzeru akhala akulimbana nalo kwa zaka zoposa 2,000: kodi maso athu tiwakhulupirire mpaka pati, ndipo mawu a m'buku tiwakhulupirire pa chifukwa chanji? Mwana amene wayankhidwa kuti akhale pansi amaphunzira chinthu chimodzi, chakuti kufunsa ndi mlandu, ndipo phunziro limenelo saliiŵala msanga.

Mawu akuti filosofi anachokera ku mawu aŵiri a Chigriki otanthauza kukonda nzeru. Ntchito yake ndi kufunsa zifukwa za zinthu zimene anthu amangozivomereza, ndi kuyesa ngati zifukwazo zili zolimba. Phunziroli lili ndi nthambi zinayi zazikulu. Yoyamba imafunsa za kudziŵa: tidziŵa bwanji, ndipo kudziŵa kusiyana bwanji ndi kungoganizira? Yachiŵiri imafunsa za zinthu zimene zilipo: munthu n'chiyani, maganizo n'chiyani, kodi tili ndi ufulu wosankha? Yachitatu imafunsa za khalidwe: chabwino ndi choipa tizisiyanitsa ndi muyeso wanji? Yachinayi imayang'ana kaganizidwe: ndi liti pamene mfundo ina ituluka moyenera m'mfundo inzake? M'mabuku a Chingerezi mudzazipeza ndi maina akuti epistemology, metaphysics, ethics ndi logic. Mainawa asakuopseni, pakuti mafunso ake mumakumana nawo m'kalasi tsiku lililonse: pochonga mayeso, poŵeruza ana aŵiri amene amenyana, ndi posankha chimene chili choyenera kuphunzitsa.

Kuno ku Malaŵi filosofi imaphunzitsidwa ku Yunivesite ya Malaŵi ku Zomba, kumene Chancellor College inasamukira m'chaka cha 1973 kuchokera ku Chichiri, ku Catholic University ku Nguludi, ndi ku seminale ya Kachebere ku Mchinji. Amene adzatenga digiri ya maphunziro adzakumana nayonso m'maphunziro a maziko a uphunzitsi. Tsono mabuku amene titchule pano tawagaŵa m'magulu anayi, ndipo tikupempha kuti aŵerengedwe motsata ndondomeko yake.

GULU LOYAMBA: MABUKU OTSEGULA KHOMO

Buku limene timalitchula poyamba nthaŵi zonse ndi What Does It All Mean? lolembedwa ndi Thomas Nagel wa ku America m'chaka cha 1987. Lili ndi masamba pafupifupi 100 okha, Chingerezi chake n'chapafupi, ndipo silikuunjikirani maina a anthu akale ndi zaka zawo. Mutu uliwonse umatenga funso limodzi, monga lakuti tidziŵa bwanji chilichonse, tidziŵa bwanji zimene zili m'maganizo a munthu wina, chilungamo n'chiyani, imfa n'chiyani. Pa mutu wa ufulu wosankha, Nagel amayamba ndi munthu amene ali m'chipinda chodyera akusankha pakati pa chipatso ndi keke, nafunsa ngati munthuyo akanathadi kusankha mosiyana ndi mmene anasankhira. Mphunzitsi aliyense amene anamuuzapo mwana kuti, "Ukanatha kubwera msanga," ayenera kuŵerenga mutu umenewu.

Lachiŵiri ndi The Problems of Philosophy la Bertrand Russell, la m'chaka cha 1912. Russell amayamba ndi tebulo limene ankalemberapo. Mtundu wake umasintha malinga ndi kuŵala ndi pamene munthu waima. Limaoneka losalala, koma pa makina okulitsa zinthu limaoneka lamapirimapiri. Tsono tebulo lenileni ndi liti? Funso ili ndi mbale wake wa funso la mtsikana wa ku Area 47 uja. Mitu yapakati ya bukuli ndi yolimbirapo, ndipo woyamba angathe kuŵerenga mitu inayi yoyambirira ndi mutu wotsiriza, umene ukamba za phindu la filosofi, n'kusiya yotsalayo kuti adzaibwerere.

Amene amakonda nthano angathe kutenga Sophie's World la Jostein Gaarder wa ku Norway, la m'chaka cha 1991. Gaarder anali mphunzitsi, ndipo analemba mbiri ya filosofi monga nkhani ya mtsikana amene amalandira makalata a mafunso kuchokera kwa munthu wosadziŵika. Ndi lalitali, koma limathandiza kudziŵa amene anayamba ndi amene anatsatira. Palinso Philosophy: The Basics la Nigel Warburton, la m'chaka cha 1992, limene limandandalika mfundo iliyonse pamodzi ndi zotsutsa zake. Koma m'gulu ili sankhani limodzi, mulimalize. Paja ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

GULU LACHIŴIRI: KUMVA KWA ENI AKE

Mabuku oyambawo amakuuzani zimene ena anaganiza. Ikafika nthaŵi, muyenera kumva kwa eni ake, monga momwe munthu sakhutira ndi kumva mlandu kwa wodutsa pamene mboni ilipo. Yambani ndi Plato wa ku Athens. Kabuku kake kotchedwa Apology kamafotokoza mmene mphunzitsi wake, Socrates, anadziikira kumbuyo pamlandu m'chaka cha 399 Khristu asanabadwe, ali ndi zaka pafupifupi 70. Anamuimba mlandu wosalemekeza milungu ya mzinda ndi wosokoneza achinyamata, ndipo anaŵeruzidwa kuti afe pakumwa chiphe. Kabukuka mungathe kukamaliza madzulo aŵiri, ndipo kadzakusonyezani kuti kufunsa mafunso nthaŵi zina kumaika moyo wa munthu pangozi.

Koma kwa mphunzitsi, buku la Plato lofunika koposa ndi Meno, chifukwa m'kati mwake muli phunziro la masamu limene tingathe kulionerera monga momwe timaonerera ophunzira athu. Socrates aitana mnyamata wina, kapolo amene sanaphunzirepo masamu, najambula sikweya imene mbali yake iliyonse ndi yotalika mapazi 2, kotero kuti malo a m'kati mwake ndi 4. Ndipo amfunsa kuti mbali ikhale yotalika bwanji kuti malowo aŵirikizidwe kaŵiri, akhale 8. Mnyamatayo ayankha mosakayika kuti mapazi 4. Socrates samuuza kuti walakwa. Amangomtsogolera kuŵerenga, mpaka mnyamatayo aona yekha kuti 4 kuchulukitsa ndi 4 ndi 16. Ayesanso 3, napeza 9. Pamenepo avomera kuti sadziŵa. Socrates atembenukira kwa Meno namuonetsa kuti mnyamatayo tsopano ali pabwino kuposa poyamba, chifukwa kale ankayesa kuti adziŵa pamene sadziŵa, koma tsopano afuna kufufuza. Potsiriza, mwa mafunso ena, mnyamatayo aona kuti sikweya yofunikayo imangidwa pa mzere wodutsa pakati, wochokera pa ngodya ina kufika pa ngodya yoyang'anana nayo.

Onani zinthu ziŵiri m'phunziroli. Choyamba, yankho lolakwa silinatayidwe ndipo mwana sanachititsidwe manyazi. Yankholo linayesedwa poyera mpaka kulakwa kwake kunaonekera kwa mwini wake. Chachiŵiri, kusokonezeka kwa mwana kunatengedwa ngati gawo la kuphunzira, pamene ife kaŵirikaŵiri timathamangira kupereka yankho tikangoona nkhope ya mwana yachita makwinya. Komabe musamuvomereze Socrates pa zonse. Iye amati sanamphunzitse mnyamatayo kanthu, anangomkumbutsa zimene mzimu wake unkadziŵa kale. Ŵerengani bwino mafunso akewo, muone angati amene yankho lake ndi "inde" chabe, ndipo muŵeruze nokha ngati Socrates sanali kuika mayankho m'kamwa mwa mnyamatayo. Mukatero mwayamba kale kuchita filosofi. Kenaka kayeseni phunzirolo ndi ana a Sitandade 7, pojambula pansi ndi kamtengo, muone chimene chidzachitika.

Pambuyo pa Plato tengani Meditations la René Descartes wa ku France, la m'chaka cha 1641. Lili ndi zigawo 6, koma ziŵiri zoyamba n'zokwanira poyambira. Descartes aganiza zokayika chilichonse chimene chingakayikidwe: maso amanama nthaŵi zina, ndipo munthu akamalota sadziŵa kuti akulota. Apitiriza choncho mpaka apeza chinthu chimodzi chosakayikitsa, chakuti iye amene akukayikayo alipo. Lomaliza m'gulu ili ndi On Liberty la John Stuart Mill, la m'chaka cha 1859. M'mutu wake wachiŵiri Mill afotokoza kuti ngakhale mfundo yoona, ikapanda kutsutsidwa ndi kutetezedwa, imasanduka mawu oloŵeza pamtima opanda moyo. Amene anaonapo ana akuimba matebulo a masamu osadziŵa tanthauzo lake adzamumva msanga.

GULU LACHITATU: FILOSOFI YA KUNO KWATHU

Wina angafunse kuti, "Kodi nzeru zonse zili ku Ulaya?" Funso limeneli labala mabuku ambiri, ndipo mabukuwo akoma kuwaŵerenga monga mkangano wa pabwalo, wina kuyankha mnzake. Anauyambitsa ndi Placide Tempels, wansembe wa ku Belgium amene ankagwira ntchito ku Congo. Buku lake, Bantu Philosophy, linatuluka m'Chifalansa m'chaka cha 1945 ndi m'Chingerezi m'chaka cha 1959, ndipo linkati anthu a Chibantu ali ndi filosofi yawo yozikidwa pa mphamvu ya moyo. M'chaka cha 1969 John Mbiti wa ku Kenya anatulutsa African Religions and Philosophy, limene limakamba za nthaŵi, mizimu, ukwati, imfa, ndi mmene munthu amapezera umunthu wake pakati pa anzake. Ili ndilo losavuta kulipeza ndi kuliŵerenga, ndipo tikulangiza kuti muyambe nalo.

Ena sanakhutire. Paulin Hountondji wa ku Benin, m'buku limene linatuluka m'Chingerezi m'chaka cha 1983 ndi dzina lakuti African Philosophy: Myth and Reality, anati kundandalika zikhulupiriro za mtundu wonse sikuli filosofi, filosofi imayamba pamene munthu mmodzi aima, napereka zifukwa zake, nalola kuti ena amtsutse. Kwasi Wiredu wa ku Ghana, mlembi wa Philosophy and an African Culture la m'chaka cha 1980, analimbikitsa kuti tiziyesa mafunso a filosofi powaika m'zilankhulo zathu, kuti tione ngati vutolo ndi la anthu onse kapena linabadwa ndi chilankhulo cha Azungu. Henry Odera Oruka wa ku Kenya anapita m'midzi kukacheza ndi akuluakulu anzeru, nasiyanitsa amene amangodziŵa mwambo ndi amene amatha kuupima ndi kuutsutsa. Zimene anapeza zili m'buku la Sage Philosophy la m'chaka cha 1990.

Amalaŵi nawonso alankhulapo pabwaloli. Didier Kaphagawani, amene ankaphunzitsa ku Chancellor College, analemba za mmene Acheŵa amamvera mawu akuti munthu, ndipo nkhani yake ina ili m'buku la The African Philosophy Reader la m'chaka cha 1998. Augustine Musopole analemba za umunthu m'buku la Being Human in Africa la m'chaka cha 1994. Grivas Kayange, m'buku la Meaning and Truth in African Philosophy la m'chaka cha 2018, agwiritsa ntchito Chicheŵa pofufuza za tanthauzo ndi choonadi. Kuti muone kukoma kwa ntchito yotere, lingalirani mawu amene tonse timanena za munthu wankhanza, akuti, "Ameneyu si munthu." Sititanthauza kuti wasanduka nyama. Tsono umunthu ndi chinthu chobadwa nacho, kapena chochita kupeza, chimene munthu angathenso kuchitaya? Ngati n'chochita kupeza, khanda lili nawo? Ndipo ntchito ya sukulu ndi yotani pamenepa?

Musaiŵale mabuku a miyambi, monga Nzeru za Kale la S. L. Kumakanga ndi Wisdom of the People la J. C. Chakanza, limene lili ndi miyambi 2,000. Mwambi paokha umakhala ngati chigamulo chopanda mlandu wake. Ntchito yathu ndi kufunsa zifukwa zake ndi malire ake. Timati mawu a akuluakulu akoma akagonera, komanso timati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Mwambi wina utiuza kudalira nzeru zakale, wina utiuza kulandira zachilendo. Ndi liti pamene uliwonse uli woona? Ana a Sitandade 8 angathe kukambirana funso limeneli m'phunziro la Chicheŵa.

GULU LACHINAYI: FILOSOFI YA MAPHUNZIRO

Apa titchula anayi mwachidule. Experience and Education la John Dewey, la m'chaka cha 1938, ndi lalifupi ndi losavuta kuposa buku lake lalikulu la Democracy and Education la m'chaka cha 1916. Limadzudzula sukulu yongoloŵezetsa, komanso limachenjeza kuti kungowasiya ana achite zimene afuna si maphunziro. Education for Self-Reliance la Julius Nyerere, la m'chaka cha 1967, limafunsa chifukwa chake sukulu ya pulaimale ikonzekeretsa ana onse kupita ku sekondale pamene opitako ndi ochepa, ndipo limati maphunziro a pulaimale akhale okwanira paokha. Funso limeneli linakula kuno kwathu kuyambira m'chaka cha 1994, pamene maphunziro a pulaimale anakhala aulere ndipo makalasi anasefukira. Pedagogy of the Oppressed la Paulo Freire wa ku Brazil, limene linatuluka m'Chingerezi m'chaka cha 1970, limayerekeza kaphunzitsidwe koipa ndi kusunga ndalama ku banki: mphunzitsi aika, mwana asunga, pa mayeso mphunzitsi atapa. Mutu wachiŵiri ndiwo wofunika kwa inu. Lotsiriza ndi Philosophy and Education in Africa la R. J. Njoroge ndi G. A. Bennaars, lotuluka ku Kenya m'chaka cha 1986, limene analilembera ophunzira uphunzitsi.

MABUKU OTI ADIKIRE

Critique of Pure Reason la Immanuel Kant, la m'chaka cha 1781, ndi mabuku a Hegel, ndi ofunika, koma si a woyamba. Ngakhale ophunzira a chaka chachitatu amawaŵerenga ndi mphunzitsi pambali. History of Western Philosophy la Russell, la m'chaka cha 1945, limene limakopa ambiri chifukwa cha kukula kwake, musungeni monga mtanthauzira mawu, lotsegula pamene mufuna kudziŵa za munthu mmodzi. Chenjerani koposa ndi timanotsi tachidule toyenda pa mafoni. Timakupatsani dzina la munthu ndi chiganizo chimodzi, koma timachotsa zifukwa, pamene zifukwazo ndizo filosofi yeniyeniyo.

KAŴERENGEDWE KAKE

Buku la filosofi saliŵerenga ngati nyuzipepala. Masamba 5 pa tsiku, oŵerengedwa kaŵiri, ndi okwanira. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Khalani ndi kope, ndipo pa mutu uliwonse muyankhe mafunso atatu: Kodi wolembayu afuna kuti ndivomereze chiyani? Wapereka zifukwa ziti? Ndi pati pamene ndingamtsutse? Mukatero, tsekani buku mulembe mfundoyo m'Chicheŵa kapena m'chilankhulo cha kwanu, ndi chitsanzo cha m'mudzi mwanu. Mukalephera, bwererani ku bukulo, chifukwa munagwira mawu okha, mfundo simunaigwire. Pezaninso mnzanu mmodzi kapena aŵiri oŵerenga nawo buku lomwelo, muzikomana kamodzi pa sabata, wina kuteteza wolemba, wina kumtsutsa.

Musafulumire kugula. Yambani ndi laibulale ya koleji yathu, ndipo mukapita ku City Centre kafunseni ku laibulale yaikulu ya National Library Service. Mabuku a Plato, On Liberty la Mill ndi The Problems of Philosophy amapezeka aulere pa intaneti pa Project Gutenberg. Mukapita kwa ogulitsa mabuku akale ku Old Town, tengani kapepala kolembapo maina a mabuku amene mufuna, ndipo muyang'ane ngati masamba onse alimo musanapereke ndalama.

Kwa amene afuna ndondomeko ya chaka chimodzi, nayi: teremu yoyamba, Nagel ndi Apology, teremu yachiŵiri, Meno ndi zigawo ziŵiri zoyamba za Descartes, teremu yachitatu, mitu ingapo ya Mbiti ndi kabuku ka Nyerere. Amene adzamaliza zimenezi, ndi kope lake lodzaza, sadzaloŵa m'kalasi la filosofi ku yunivesite ngati mlendo.

Wophunzira wathu uja tinakhala naye pansi phunziro litatha, ndipo tinagwirizana kuti abwerere ku funsolo m'maŵa mwake. Anafunsa anawo kuti akakwera minibasi kuchokera ku Old Town kupita ku City Centre, amaona chiyani pa zenera. Anayankha kuti mitengo imathamangira kumbuyo. Anafunsanso ngati mitengoyo imayendadi. Chitsanzochi sichitsimikiza kuti dziko limazungulira, ndipo tinamchenjeza kuti asawauze anawo kuti chatsimikiza. Chimangosonyeza kuti amene ali pa chinthu choyenda angathe kuona ngati zoima ndizo zikuyenda, kotero kuti maso okha sangagamule mlanduwu, pafunika umboni wina. Mtsikana uja anakwezanso dzanja nafunsa kuti umboni winawo ndi uti. Mphunzitsiyo anamuuza kuti akafufuza, ndipo adzabwera nalo yankho Lolemba.